A Chikwakwa ndi Mwana Wosamva

A Chikwakwa mungawazindikire ali kutali, nkhope musanaione. Phewa lamanja linatsika kusiya lamanzere m'mwamba, ndipo akamayenda mkono wamanjawo umapita uku ndi uku ngati ukutchetcha mphepo. Dzina lawo lenileni lilipo, lili pachiphaso chimene amachisunga m'kapepala ka pulasitiki pansi pa matiresi, koma ngakhale akazi awo akafuna kuti atembenuke msanga amangoti, "A Chikwakwa inu!"

Ntchito yotchetcha udzu anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Iwo amati sukulu anaisiya okha, koma sukuluyo mutaifunsa mwina ingakuuzeni zina. Anayambira m'mbali mwa misewu, kenako kunyumba za mabwana a kampani ina, kumene kapinga ankafunika akhale wosalala ngati mutu wa mwana wometedwa kumene. Atakhwima anawalemba pabwalo la mpira n'kuwapatsa makina otchetchera, aja olira ngati akukangana ndi munthu. Anawakankha makinawo zaka makumi awiri, ndipo makinawo anawadya makutu pang'onopang'ono, monga mbewa imadyera sopo. Zimenezi iwo sankavomera. Ankati vuto ndi anthu a masiku ano, amene amalankhulira m'mimba.

Udzu ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Akapita kukacheza kwa munthu, moni ankapereka kwa mwini nyumba koma maso ali pakhonde, kusaka tsinde limene lasuzumira pakati pa njerwa. Paukwati wa mphwawo anawapeza atanyonyomala kuseri kwa tenti, jekete ili pamsana, akuzula udzu wa eni ake.

Mawondo atayamba kudandaula anasiya za kubwalo, n'kupeza ntchito pa sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu wawo. Ankatsegula geti, kusesa, kudzaza madzi m'migolo ya kuchimbudzi, ndi kutchetcha pamene pamera kanthu. Kunena zoona panalibe zambiri zomera. Bwalo lonse la kutsogolo linali la simenti, lokhala ndi matayala asanu opaka penti ndi katungwe mmodzi amene unyolo wake unaduka chaka chatha.

Kunyumba anali anthu anayi m'zipinda ziwiri, chitseko chachitatu pa mdadada wa zitseko zisanu ndi zitatu. Akazi awo ankasoka pamakina pafupi ndi zenera. Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito kufakitale yophika buledi kutsidya kwa tauni, wochoka mbandakucha n'kubwera miyendo itatupa. Wachinayi anali mdzukulu, kamtsikana ka zaka zinayi kamene aliyense ankakatchula kuti Kamvuluvulu. Chitseko chawo chinkatsegukira pamsewu penipeni, pamene njinga zamoto zimadutsa ngati zathawa kwawo, choncho mwanayo sankaloledwa kutuluka. Dziko lake linali kuchokera pabedi kukafika pamakina osokera, mapazi asanu ndi awiri a munthu wamkulu, ndipo ankaliyendera dzikolo kambirimbiri pa tsiku, mothamanga.

Kusukulu zinali chimodzimodzi. M'kalasi munali ana makumi atatu pamphasa, makoma odzaza zilembo ndi manambala, ndi mawindo a m'mwamba oti mwana amangoonapo chidutswa cha thambo. Madamu, mtsikana wamtima wabwino amene mawu anamuthera kalekale chifukwa chokuwa, akati, "Tonse tikhale pansi," Kamvuluvulu ankakhaladi, koma matako ake ankangopereka moni pamphasa n'kunyamuka. Ankalowa pansi pa tebulo la Madamu, ankatsegula mabokosi a chakudya a anzake, osati kuti adye koma kuti angoona, ndipo tsiku lina anavula nsapato za ana asanu ndi mmodzi n'kuziika pamzere kuti nazonso ziphunzire.

Lachiwiri lina madzulo, m'chikwama chake munapezeka kalata yochokera kwa Ahedi. Agogo aakazi anavala magalasi n'kuwerenga mokweza.

"Akuti, mwana wanu samva. Tamuyesa njira zonse. Mwezi uno ukatha asanasinthe, mukamupezere malo kwina."

Atatha kuwerenga anatembenukira kumakina awo n'kupitiriza kulankhula, kudandaula kuti sukulu ina ili kutali kuwoloka misewu iwiri ikuluikulu, ndani azimuperekeza, ndiponso kuti mwanayu watengera amake amene nawonso anali chimodzimodzi. Koma zonsezo ankazilankhulira kukhoma. A Chikwakwa anangotola mawu oyamba aja, amene ananenedwa nkhope ikuwayang'ana. Samva.

Iwo ankadziwa kuti kusamva n'chiyani, ngakhale anali asanauzepo munthu. Ankadziwa kuseka mochedwa anzako ataseka kale, kuyang'anitsitsa milomo ya munthu ngati ukufuna kumulanda chimene akudya, kuvomera "eya, eya" pa nkhani imene sunaimve n'kuzindikira mawa lake kuti wavomera kunyamula makabati a munthu. Anamuyang'ana mdzukulu wawo akudumpha kuchoka pabedi kupita pampando, timakutu take tating'ono tikuwala ndi mafuta, ndipo anati mumtima, ndamupatsira ndine. Zayenda m'magazi.

M'mawa mwake sanauze aliyense. Anatsegula geti la sukulu, kusesa mwachangu, kenako anamugwira mwanayo dzanja ulendo wa kuchipatala. Pamzere anakhala maola awiri, kapena tinene kuti a Chikwakwa anakhala, chifukwa Kamvuluvulu anayendera benchi lililonse n'kufunsa odwala onse chimene chikuwapweteka.

Adokotala anali mayi wachitsikana wa magalasi, mwana wadzulodzuloli.

"Vuto n'chiyani, agogo?"

"Makutu, adokotala. Samva. Akusukulu alemba okha, kalata ndi iyi."

Adokotala anamuunika mwanayo m'khutu ndi katochi, uku ndi uku. Kamvuluvulu anapempha katochiko kuti nayenso awaunike adokotala, ndipo anawauza kuti m'khutu mwawo muli tsitsi. Kenako adokotala anapita kukaima kumbuyo kwake, pafupi ndi chitseko, n'kunong'ona pansipansi.

"Ukufuna switi?"

"Ziwiri," anayankha mwanayo osatembenuka.

Apo m'pamene adokotala anatambasula kalata ija n'kuiwerenga bwinobwino. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anapita pasinki kukasamba m'manja, ndipo ali chotembenukira kukhoma analankhula kanthu. A Chikwakwa anangokhala phee, chipewa chili pabondo. Adokotala analankhulanso. Phee. Mpaka Kamvuluvulu anawakoka malaya.

"Agogo, akuti mubwere pampando apa akuoneni inuyo."

Adokotala anabwera n'kuima patsogolo pawo penipeni, n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Bambo, mwanayu akhoza kumva nyerere ikutsokomola. Kusamva kumene akunena aphunzitsiku ndi kwina kuja, kwa mwana amene umamuuza kuti khala pansi iye n'kuimirira. Koma wodwala makutu m'chipinda muno alipo ndithu."

A Chikwakwa anayang'ana uku ndi uku. M'chipindamo munali anthu atatu basi.

Atawaunika nawonso, adokotala anawalembera kapepala koti adzabwere tsiku la a makutu. Akutuluka anawafunsa, "Kodi mwanayu amasewera kuti?"

"M'nyumba. Panja pali njinga zamoto."

"Nanga kusukulu?"

"Pasimenti."

Adokotala anangoti "Mhm," ija ya anthu ophunzira, yosakuuza ngati wakhoza kapena walakwa.

M'njira a Chikwakwa anayenda mopepuka, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana. Koma asanafike ndi pamphambano pomwe, chimwemwecho chinaphwa. Akanakhala makutu bwenzi pali mankhwala odontheza. Kusamva kwinaku kulibe mapiritsi, ndipo mwezi unali utatsala ndi sabata zitatu.

Pageti la sukulu anakumana ndi Ahedi, mayi wamtali wa makiyi ambiri, amene amayenda ngati basi ikumusiya.

"A Chikwakwa, mwachedwa naye. Lero musamulowetse, anzake akhazikika kale, angawabalalitse. Akhale ndi inu. Ndipo udzu wa kuseri uja Lachisanu ndisaupeze. Amisiri akubwera kudzathira simenti, tiziimikako galimoto."

Udzu wa kuseri unali chinsinsi chochititsa manyazi cha a Chikwakwa. Pakati pa khoma la makalasi ndi mpanda panali kamalo kotalika ngati mabasi awiri, kotseka ndi kageti ka loko. Mvula itayamba phewa lija linawavuta, ndiye ankati mawa, mawa, poti Ahedi sankapitako. Tsopano udzu unali wofika m'mawondo. Pakati panali mtengo wa gwafa, pakona mulu wa njerwa zosweka, ndipo chakumpanda mpopi wodontha umene unasandutsa pansi pake kadambo.

Anatsegula loko, anatembenuza ndowa n'kumukhazika mwanayo.

"Ukhale pomwepa. Chikwakwa sichidziwa mdzukulu."

Anatulutsa tupa n'kuyamba kunola. Ananola mbali imodzi, natembenuza, nanola inayo. Atayesa ndi chala kuti aone ngati chathwa, anazindikira kuti pali chimene chasowa. Phokoso la mwanayo sankalimva kwenikweni ndi makutu, ankalimva ndi thupi: kukwera pamsana, kukoka chipewa, kugunda mwendo podutsa. Tsopano panapita nthawi yonseyi popanda womugunda munthu. Anatembenuka. Pandowa panalibe munthu.

Kenako anaona timaliboni tiwiri tofiira tikusuzumira pamwamba pa udzu, chapafupi ndi gwafa. Anathamangira komweko. Kamvuluvulu anali atanyonyomala, manja pamawondo, mutu utapendekeka, osagwedezeka ngakhale chala.

"Iwe! Chakuluma chinthu?"

Mwanayo anakweza chala chimodzi. "Agogo, mukusokosa."

Chibadwire a Chikwakwa anali asanauzidwepo mawu amenewa ndi munthu ameneyu.

"Kakuyimba," ananong'ona mwanayo, koma poona nkhope ya agogo ake anabwereza mokweza pang'ono, akuwayang'ana. "Kakuyimba, agogo. Kakuti tsii, tsii, kenako kakupuma. Ndiye kanzake kakuyankha uko kumpopi."

A Chikwakwa anatchera khutu. Anangomva kulira kwa makina a kubwalo la mpira, kumene kunatsalira m'mutu mwawo ndipo sikuzima. Ananyonyomala nawo, mawondo akulira ngati nkhuni zouma.

"Tsopano kakuti chiyani?"

"Kasiya. Kakuopa inuyo. Dikirani."

Anadikira. Patapita kanthawi nkhope ya mwanayo inawala. "Kayambanso!"

Anawauza zonse. Kuti mumtengo muli mbalame ziwiri, ina ya mawu aang'ono ina yokalipa ngati agogo aakazi. Kuti madzi a pampopi akagwera patsamba amalira mosiyana ndi akagwera pamwala. Kuti mphepo ikabwera udzu wa kumpanda umayamba kulankhula, kenako wapakati, kenako wa pamene iwo ali. Atatopa ndi zomvera anapeza nkhono, ndipo anaiperekeza kuchokera panjerwa mpaka patsamba la chisoso, ulendo umene munthu wamkulu sangaupirire. Mthunzi wa gwafa unachoka pakhoma n'kufika pamapazi awo, mwana akadali pamalo amodzi. A Chikwakwa anali atamuonapo atakhala chonchi kamodzi kokha, pamene ankadwala malungo.

Anayang'ana udzu uja. Zaka makumi anayi ndi kuposerapo anakhala ali m'kati mwake tsiku ndi tsiku, koma sanadziwe kuti mumakhala oyimba. Ankafika ndi phokoso lawo, n'kuchoka zonse zitagona pansi. Anatola chikwakwa, anachiyang'ana kuthwa kwake, n'kukachibisa kuseri kwa migolo.

Madzulo nkhani ya kuchipatala inafika kunyumba iwo asanavule n'chipewa chomwe, chifukwa Kamvuluvulu sasunga kanthu m'mimba. Akazi awo anaseka mpaka phazi linaterereka pa chopondera makina.

"Mwatenga mkazi mnzangayu kupita naye kwa adokotala chifukwa cha kalata ija? Inu a Chikwakwa inu! Akanalemba kuti mwanayu ali ndi mutu wouma bwenzi mutakamuviika mumgolo?"

Anasekanso, napukuta misozi ndi kansalu kotsala. Kenako kuseka kunatha. Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, anadzuka, n'kuwagwira khutu lamanja ndi zala ziwiri monga amagwirira nsalu yodula.

"Ndiye zaka zonsezi ndimati mumandinyoza," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo anatembenuza makina osokera kuti azisoka atayang'ana m'nyumba.

M'mawa mwake a Chikwakwa analawira ndi mdzukulu wawo, theka la ola ana ena asanafike. Atangotsegula kageti, mwanayo anathamanga kuzungulira gwafa katatu, anadzigwetsa, anagubuduka, anadzuka n'kuthamanganso mpaka mpweya unamuthera. Kenako ananyonyomala pamalo ake aja. Belu litatsala pang'ono agogo anamutsuka mapazi pampopi, anamuchotsa chisoso chimene chinamatirira pa diresi, n'kukamupereka m'kalasi ngati munthu wosalakwa. Anachita chimodzimodzi tsiku lotsatira.

Lachisanu Ahedi anawaitana.

"Udzu uja?"

"Mpini wathyoka, amayi. Chili kwa owotcherera."

"A Chikwakwa opanda chikwakwa? Ndiye tizikutchulani ndani?"

Mwayi wake, amisiri anachita za amisiri. Lachisanu lawo linasanduka Lolemba, Lolembalo n'kusanduka sabata ya mawa. Ndipo owotcherera aja, amene sanachione n'komwe chikwakwacho, anadwala, anapita kumaliro, kenako magetsi anawazimira.

Amene anayamba kununkhiza kanthu ndi Madamu. Tsiku lina poweruka anawapeza a Chikwakwa pageti n'kuima patsogolo pawo.

"Agogo, kuchipatala kuja anamupatsa mankhwala anji?"

"Bwanji, wachitanso chiyani?"

"Wajambula chithunzi mpaka kumaliza. Chiyambire chaka sanamalizepo kanthu. Wajambula chinthu cha miyendo isanu ndi umodzi, akuti ndi mnzake." Madamu anatambasula dzanja. M'menemo munali timbewu titatu ta chisoso. "Ndipo izi ndazipeza m'tsitsi mwake. Pasimenti pano sizimera."

A Chikwakwa anavula chipewa n'kuulula. Mawa lake pa nthawi yopuma Madamu anatenga ana asanu ovuta kwambiri, aja amene amawatchula mayina ngakhale kutulo, n'kuwalowetsa pakageti mwakachetechete. Tsiku loyamba anangothamanga n'kumenyanirana gwafa wosapsa. Tsiku lachiwiri mmodzi anapeza bongololo, ndipo onse anamuzungulira n'kuyamba kukangana ngati ali ndi nsapato. Akabwerera m'kalasi ankakhala ngati anthu amene adya n'kukhuta. Sabata isanathe Madamu ankatenga kalasi yonse, theka lero theka mawa.

Chinawaulula ndi bata. Ahedi anazolowera kugwira ntchito muofesi mwawo phokoso la nthawi yopuma likugwedeza mawindo. Tsiku lina, kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, anakweza mutu n'kudabwa kuti akumva wotchi ya pakhoma. Anatuluka. Pasimenti panali ana ochepa okha. Anazungulira kuseri, makiyi akulira, n'kupeza kageti kali pululu.

"Madamu! A Chikwakwa! N'chiyani chimenechi? Ana a eni ake m'tchire? Njoka ikaluma mmodzi, makolo ndikawauza chiyani? Tulukani nonse!"

A Chikwakwa sanamve mawu onse, koma mawu oti njoka anawaona bwino pamilomo. Moyo wawo wonse, bwana akalankhula iwo ankati "chabwino" basi. Tsiku limeneli anapita kukaima patsogolo pa Ahedi, chipewa m'manja.

"Amayi, za m'mabuku ine sindidziwa. Koma udzu ndimaudziwa kuposa mmene ndimawadziwira akazi anga. Njoka sikhala pamene ana akuponda tsiku ndi tsiku. Ikafuna nyumba imafuna mulu wa njerwa ngati uwo, ndipo njerwazo ndazisanthula kale kawiri, mawa ndizichotsa zonse. M'mbali mwa mpanda nditchetcha mpaka pansi, kutambalala kwake phazi limodzi lalikulu, kuti chilichonse cholowa chizioneka. Pakati ndisiya wofika m'kakolo. Wautali ndisiya pakona ya mpopi pokha, poti m'pamene pali oyimba. M'mawa uliwonse ndizidutsamo ndi ndodo mwana asanalowe."

"Oyimba?"

"Akuti alipo, amayi. Ine ndimangouzidwa."

"Nanga chikwakwa chija chili kwa owotcherera?"

A Chikwakwa anayang'ana kumigolo. Ahedi nawo anayang'ana komweko. Mpini unkaoneka bwinobwino, wathunthu.

"Bambo aakulu ngati inu," anatero Ahedi, akupukusa mutu. Kenako anatembenukira kwa Madamu. "Ndiye mwana wosamva uja ali kuti? Kapena wakwera kale mumtengo?"

"Ali apo," anatero Madamu. "Sindinama, amayi, kudzuka amadzukabe. Koma masiku ano akadzuka amabwerera yekha. Dzulo nthano anaimvetsera mpaka pothera, n'kunditsutsa kuti kamba sangayende mofulumira choncho, iye waona nkhono."

Ahedi anayenda kulowa mu udzu, nsapato zawo zazitali zikumira m'dothi, mpaka pamene kamtsikanako kananyonyomala ndi anzake awiri. A Chikwakwa anatsatira. Apa ndiye panali pogamulira mlandu, ndipo woimbidwa mlanduyo sankadziwa n'komwe.

Kamvuluvulu anakweza maso.

"Ahedi, mwaponda msewu wawo."

Ahedi anayang'ana pansi. Mzere wa nyerere unali utasokonekera kuzungulira chidendene cha nsapato yawo. Anasuntha phazi.

"Zikupita kuti?"

Funso limenelo linali ngati kutsegula mpopi. Mwanayo anafotokoza kuti nyererezo zimachokera pansi pa mwala uwo, zimadutsa apa, zimakwera gwafa mpaka panthambi yachiwiri. Zopita zilibe kanthu, zobwera zanyamula. Zikakumana zimagundana mitu kupatsana moni. Dzulo ina inanyamula phiko la gulugufe lalikulu kuposa iyo, inagwa kawiri, zinzake zinabwera kudzaithandiza. Ndipo pali ina yopusa imene imasochera tsiku lililonse, dikirani muione, ibwera posachedwa.

Anadikira. Ahedi anayang'ana wotchi ya pamkono. Anasintha mwendo woimira. Anagwedeza makiyi. Anayang'ana kuofesi, nayang'ananso wotchi. Mwanayo anali duu, maso pamzere wa nyerere, mpaka anawagwira Ahedi siketi osawayang'ana.

"Musamayendeyende. Muiphonya."

Madamu anatembenukira kumpanda msanga, mapewa akunjenjemera. A Chikwakwa sanamve chimene chanenedwa, anangoona Ahedi atatsegula pakamwa n'kutsekanso. Kenako mayi wa makiyi uja anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene pasukulupo kunali kusanamvekepo.

Atatuluka mu udzumo anaima patsogolo pa a Chikwakwa n'kulankhula mokweza, akuthothola chisoso pa siketi.

"Njerwa zichoke mawa. Mpanda mutchetche monga mwanenera. Simenti ija akathire pageti pamene pamadikha madzi, galimoto izigona pomwe imagona. Koma mwana mmodzi yekha akangolumidwa ndi kanthu koposa nyerere, ine ndi inu tidzakambirana."

"Chabwino, amayi. Nanga kalata ija?"

"Iti?"

"Ya kutha kwa mwezi."

Ahedi anayang'ana timaliboni tofiira tija, timene tinali tisanasunthe.

"Ing'ambeni. Koma nsapato za anzake azisiye kumapazi kwa eni ake."

A Chikwakwa anavala chipewa, anachivula, anachivalanso. M'malo mwa mawu aakulu othokoza, anangopita kukayamba kunyamula njerwa tsiku lomwelo, osadikira mawa.

Loweruka anabwera kudzatchetcha m'mbali mwa mpanda, mdzukulu ali pambuyo. Atangokweza chikwakwa mwanayo anakuwa kuti adikire. Anapita patsogolo pawo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpandamo akuwomba m'manja ndi kugwedeza udzu ndi phazi.

"Samukani! Samukani! Pitani kumpopi, kumeneko sakudula!"

Ziwala zinadumpha, timagulugufe tinauluka, buluzi anathawira pakhoma. Akayenda mapazi asanu ankatembenuka n'kukweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu, kuti apa patheka, dulani. Nkhono ankazinyamula yekha imodziimodzi kukazitula pakona. Pena ankawaimitsa nthawi yaitali chifukwa pali kena kamene sikanamve, kakuyimbabe.

Ntchito imene kale ankaimaliza tiyi asanazizire inawatengera m'mawa wonse. Dzuwa litafika pamutu anali asanafike ndi pagwafa pomwe, ndipo a Chikwakwa anali chiimire, atatsamira mpini, kudikira chilolezo.